Tizilombo ta M'madzi: Kudziwa Tothandiza ndi Toopsa Kudimba, Padziwe ndi Kumtsinje

Madzi amene mumathirira mbewu, kumwetsa ziweto kapena kuwetamo nsomba amakhala ndi zamoyo zambiri zing'onozing'ono zopanda fupa la msana. Zina mumazidziwa kale monga nkhanu, nkhono, misundu ndi mphutsi za udzudzu. Zina zimabisala pansi pa miyala ndi m'matope, ndipo zina n'zazing'ono kwambiri moti sizioneka bwino ndi maso. Zambiri mwa izo zimakuthandizani pa ulimi. Zochepa chabe ndizo zimabweretsa matenda kwa anthu, ziweto ndi nsomba. Tsamba lino likuthandizani kuzisiyanitsa kuti muziteteza zothandiza ndi kuchepetsa zoopsa.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika ku Chiradzulu

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono koma lili ndi anthu ambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000. Malo olima ndi ochepa, choncho mabanja ambiri amadalira madimba a m'mbali mwa mitsinje monga Mombezi ndi Namadzi, ng'ombe za mkaka zodyetsera m'khola, ndiponso maiwe a nsomba. Nthawi yachilimwe madzi akachepa, khwawa limodzi lomwelo limakhala pothirira tomato, pochapira, posambira ana ndi pomwera mbuzi. Zamoyo zimene zili m'madzimo zimakhudza aliyense.

Madzi a m'bomali sathera pomwepa. Ena amatsikira ku nyanja ya Chilwa, ena ku mtsinje wa Shire. Zimene mwataya m'khwawa kwanu zimakafika kwa alimi ndi asodzi a kumunsi.

Magulu anayi amene mungapeze

1. Nkhanu ndi abale ake

Izi zili ndi chikhungwa cholimba ndipo zimapuma ndi ziwalo zonga za nsomba. Kuti zikule zimafundula chikhungwacho. Nkhanu za m'mitsinje yathu ndi za mtundu wa Potamonautes. Zili ndi miyendo khumi kuphatikizapo zopanira ziwiri, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana pansi pa mimba mpaka anawo atayamba kudziyendera. Zimadya masamba ogwera m'madzi, nyama zakufa ndi tizilombo tinzake.

M'banja lomweli muli gulu limene asayansi amalitchula kuti Isopoda. Wachibale wake amene alimi ambiri adamuonapo ndi kachilombo kotuwa, kophwatalala, kamene kamakhala pansi pa mulu wa kompositi kapena chipika chowola. Mitundu ina mukaikhudza imadzipinda ngati mpira. Tizilombo ta gululi tili ndi miyendo 14 yofanana, timapuma ndi tiziwalo tonga masamba tokhala kunsi kwa mchira, ndipo takatikazi timanyamula mazira m'kathumba pansi pa chifuwa. Pofundula timayamba theka lakumbuyo, lakutsogolo pambuyo pake. Pa dziko lonse pali mitundu yoposa 10,000: yambiri ili m'nyanja zamchere ndi pamtunda, ndipo pafupifupi 1,000 ili m'madzi opanda mchere. Wodziwika kwambiri ndi Asellus aquaticus wa ku Ulaya, amene amadya masamba owola pansi pa maiwe ndi mitsinje. Ku South Africa mitundu ina imakhala m'timitsinje ta m'mapiri a ku Cape. Kuno kwathu ntchito yophwanya masamba m'madzi imagwiridwa kwambiri ndi nkhanu ndi ana a tizilombo touluka.

Abale ena a nkhanu ndi timadontho tosambira timene mumationa mukatunga madzi a m'dziwe m'botolo loyera n'kuliyang'anitsa ku dzuwa. Timayenda modumphadumpha. Ndito chakudya choyamba cha ana a nsomba.

2. Ana a tizilombo touluka

Tizilombo tambiri touluka timayambira moyo m'madzi. Tombolombo amaikira mazira m'madzi, ndipo mwana wake amakhala pansi pa madzi miyezi ingapo, mitundu ina kupitirira chaka, asanakwere pa bango n'kumera mapiko. Udzudzu umatero, nazonso nkhungu za ku nyanja ya Malawi zimene anthu a m'mbali mwa nyanja amadya ngati ndiwo. Pansi pa miyala ya m'madzi othamanga mupeza tina ta michira itatu yonga ulusi, tina ta michira iwiri, ndi tina tomanga tinyumba ta mchenga kapena timitengo n'kumayenda nato. M'matope mupeza timphutsi tofiira ngati magazi.

3. Nkhono za m'madzi

Zimakonda madzi odekha okhala ndi udzu. Zimadya ndere ndi zomera zowola. Nkhono zambiri za m'madzi zili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi m'thupi limodzi, choncho zochepa zimene zapulumuka chilimwe zimatha kudzazanso dambo m'miyezi yowerengeka.

4. Nyongolotsi ndi misundu

Nyongolotsi za m'matope zimadya zowola. Misundu ina imayamwa magazi a nsomba, achule, ziweto ndi anthu, koma ina imangodya nkhono ndi timphutsi.

Ntchito zimene zamoyozi zimakugwirirani

Zimayeretsa madzi. Tsamba likagwera mumtsinje limayamba kuwola, nkhanu ndi anzake amaliduladula, zidutswazo zimadyedwa ndi tizilombo tosefa madzi, ndipo zotsala zimasanduka chonde cha ndere. Popanda zamoyozi zinyalala zimangounjikana pansi, madzi n'kuyamba kununkha.

Zimadyetsa nsomba. Matemba, ana a makumba, ana a chilunguni ndi mlamba amakula ndi tizilombo ta m'madzi. Chakudya chimenechi chili ndi zomanga thupi zambiri kuposa madeya amene mumawaza padziwe.

Zimachepetsa tizilombo toononga. Ana a tombolombo ndi tizikumbu ta m'madzi timadya mphutsi za udzudzu. Tombolombo wamkulu amagwira udzudzu ndi tizilombo tina touluka pamwamba pa dimba lanu.

Zimakuuzani mmene madzi alili. Mitundu ina imafa msanga madzi akaipa, ina imapirira. Poona zimene zilipo ndi zimene zasowa mumadziwa ngati madzi akuwonongeka.

Mmene zimasinthira ndi nyengo

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, mazira amene adagona m'dothi louma amaswa, ndipo nkhono zimene zidadzikwirira m'matope zimatuluka. N'chifukwa chake chithaphwi chimene chinali chouma chimadzaza zamoyo patangopita masiku ochepa. Zoterezi zidaonekanso pa nyanja ya Chilwa, imene idaphwa mu 1968 ndi mu 1995 koma zamoyo zidabwerera madzi atabwera.

Madzi osefukira amakokolola zambiri n'kukwirira miyala ndi mchenga, monga zidachitikira pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mtsinje umene uli ndi mitengo ndi udzu m'mbali umachira msanga kusiyana ndi umene udalimidwa mpaka m'madzi.

Kuyambira Epulo madzi amadekha ndipo nkhono zimaswana kwambiri. Pofika Seputembala ndi Okutobala madzi amatsala m'maiwe ochepa, mmene nkhono, anthu ndi ziweto zimakumana. Iyi ndi nthawi yofunika kusamala kwambiri, ndipo ndi nthawi yomwe ulimi wa kudimba uli pachimake.

Nkhono ndi likodzo

Si nkhono iliyonse imene imafalitsa likodzo. Gwirani nkhono ndi supuni kapena sefa, osati ndi manja. Ikani nsonga yake kumwamba, kukamwa kwake kukuyang'anani, ndipo muone izi:

- Yaing'ono ngati nsawawa kapena kuposerapo pang'ono, yozungulira, kukamwa kuli kumanzere, yopanda chotsekera: kawirikawiri ndi Bulinus. Imafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo, lokodzetsa magazi.
- Yophwatalala ngati batani la malaya, yopiringizika ngati nkhata: ndi Biomphalaria. Imafalitsa likodzo la m'matumbo, limene limatha kutupitsa chiwindi ndi kapamba.
- Ya chigoba chopyapyala, nsonga yosongoka, kukamwa kwakukulu kuli kumanja: ndi Lymnaea natalensis. Siifalitsa likodzo koma imafalitsa nyongolotsi za m'chiwindi cha ziweto.
- Yaikulu ngati dzira la nkhunda kapena kuposa, yokhala ndi chotsekera pakamwa: ndi Lanistes, ndipo siifalitsa likodzo la anthu.

Nkhono sibadwa ndi likodzo. Imalitenga kwa munthu. Wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi kapena pafupi, mazira amaswa, ndipo tizilombo totulukamo timalowa mu nkhono tsiku lomwelo. Pakapita masabata 4 mpaka 6 nkhono imodzi imayamba kutulutsa tizilombo mazanamazana tsiku lililonse, makamaka masana dzuwa lili pamutu. Timaboola khungu la munthu amene waponda m'madzi m'mphindi zochepa, ndipo nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha ya magazi zaka zingapo. Kwa amayi ndi atsikana likodzo limathanso kuyambitsa zilonda m'njira ya chiberekero, zimene nthawi zina zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana.

Zoyenera kuchita:

- Kumbani chimbudzi pafupi ndi madimba koma kumtunda, kutali ndi chitsime ndi mtsinje. Mazira akapanda kufika m'madzi, matenda amathera pomwepo.
- Lambulani udzu ndi matope m'ngalande kuti madzi aziyenda mothamanga. Zimene mwachotsazo muziyanike padzuwa kutali ndi madzi.
- Ikani miyala kapena matabwa poimapo potunga madzi. Ngati mungathe valani majombo a labala.
- Tungani madzi othirira m'mamawa kwambiri m'malo mwa masana.
- Madzi osamba ochokera padambo muziwawiritsa, kapena kuwasunga m'ndowa mopanda nkhono masiku awiri athunthu. Tizilombo ta likodzo sitikhala moyo kupitirira apo.
- Lolani ana alandire mankhwala a praziquantel pamene a zaumoyo akugawa m'sukulu. Mukaona magazi mu mkodzo pitani kuchipatala.

Nkhono ndi chiwindi cha ziweto

Alimi a ng'ombe za mkaka ena amaganiza kuti ng'ombe ya m'khola singatenge nyongolotsi za m'chiwindi chifukwa sipita kudambo. Koma matendawa amabwera ndi udzu. Mazira amatuluka ndi ndowe, tizilombo timakulira mu nkhono, kenako timatuluka n'kukamamatira pa udzu wa m'madzi. Pa malo achinyontho timakhala moyo miyezi ingapo. Ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa ikadya udzuwo, nyongolotsi zimakhwima m'chiwindi pakatha miyezi itatu kapena inayi.

Chiweto chodwala chimawonda ngakhale chikudya, mkaka umachepa, mkati mwa zikope mumatuwa, ndipo nthawi zina chimatupa pansi pa chibwano. Chikaphedwa, chiwindi chimakhala cholimba, chokhala ndi nyongolotsi zonga tsamba, ndipo oyeza nyama amachitaya.

Bzalani nsenjere kumtunda kuti musamadalire udzu wa padambo nthawi yachilimwe. Mukakakamizika kumweta padambo, dulani pamwamba pa pomwe madzi adalekeza, ndipo uyanikeni uume bwinobwino musanadyetse. Mwetsani ziweto madzi a pamjigo kapena pachitsime chotetezedwa. Funsani mlangizi wa ziweto za mankhwala ndi nthawi yomwetsera, chifukwa si mankhwala onse a nyongolotsi amene amapha za m'chiwindi, ndipo ena amafuna kuti mudikire masiku angapo musanagulitse mkaka kapena nyama.

Udzudzu ndi ntchentche zakuda

Mphutsi za udzudzu wofalitsa malungo zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi. Za udzudzu wamba zimalendewera mutu pansi. Nthawi yotentha dzira limasanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena ziwiri. Malo amene umaswana kwambiri ndi maenje oumbira njerwa, mapondedwe a ng'ombe, zitsime zosiyidwa za kudimba ndi m'mbali mwa dziwe mokhala udzu. M'malo otere mulibe nsomba kapena tizilombo todya mphutsizo. Kwirirani maenje osagwira ntchito, tsegulani ngalande zotsekeka, ndipo musamasiye dziwe lili ndi madzi koma lopanda nsomba.

M'madzi othamanga a m'mapiri, pa miyala ndi pa masamba, mumamatira timphutsi ta ntchentche zazing'ono zakuda zoluma masana. Ntchentchezi zimafalitsa matenda oyabwitsa thupi amene amathanso kuwononga maso, otchedwa onchocerciasis. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma a kum'mwera kumene matendawa akhala akupezeka, pamodzi ndi Thyolo, Mulanje, Phalombe, Blantyre, Mwanza, Neno ndi Chikwawa. Njira yake ndi kumwa mankhwala a Mectizan pamene akugawidwa m'mudzi. Musathire mankhwala mumtsinje.

Zamoyozi m'dziwe la nsomba

Pothira manyowa m'dziwe simukudyetsa nsomba mwachindunji. Manyowa amameretsa ndere zazing'ono zobiriwitsa madzi, ndere zimadyedwa ndi tizilombo, ndipo nsomba zimadya zonse ziwiri. Kuti mudziwe ngati chakudya chakwana, vikani mkono mpaka pa chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezani manyowa. Ngati chikusowa mutangoviika pang'ono, manyowa achuluka. Mukaona nsomba zikupuma pamwamba m'mamawa, lekani kuthira manyowa ndipo lowetsani madzi atsopano.

Gwiritsani ntchito manyowa owola bwino, oikidwa m'kakhola ka timitengo pa ngodya ya dziwe. Ndowe zaziwisi za ng'ombe zimatha kubweretsa mazira a nyongolotsi za m'chiwindi ku nkhono za m'dziwe.

Pali adani atatu ofunika kuwayang'anira. Oyamba ndi odya ana a nsomba: ana a tombolombo, zikumbu za m'madzi, ndi tizilombo tosambira chagada. Achiwiri ndi nkhanu, zimene zimaboola chipupa cha dziwe madzi n'kumatayika. Achitatu ndi oyamwa magazi: misundu ndi nsabwe za nsomba, zophwatalala ngati kambale, zimene zimamatira pa thupi ndi pa zipsepse. Nsomba yokhala nazo imadzikhula pa zinthu ndipo imachita zilonda.

Mukakolola, phwetsani dziwe liume mpaka dothi litang'ambika. Pamene pakana kuuma thiranipo laimu motsatira muyezo umene mlangizi wa nsomba angakupatseni. Ikani sefa polowera madzi. Mukadzaza dziwe loleramo ana a nsomba musadikire nthawi yaitali: aikeni patatha pafupifupi sabata, chakudya chitamera koma adani asanachuluke. Tsekani mauna a nkhanu ndi dothi la makande n'kutsendera. Mbewu ya nsomba muzigula kodalirika ndipo muziiyang'ana thupi musanaiike m'dziwe.

Mmene mungayezere madzi pogwiritsa ntchito zamoyozi

Ku South Africa adakonza njira yosavuta yotchedwa miniSASS, imene imagawa zamoyo za mumtsinje m'magulu 13, ndipo ana asukulu ndi alimi amatha kuitsata. Alimi otsogola angathe kuchita zofanana ndi gulu lawo. Mufunika sefa kapena kansalu komangirira pa waya, beseni loyera, supuni, majombo ndi kope.

1. Sankhani malo awiri pa mtsinje umodzi, kumtunda ndi kumunsi kwa madimba.
2. Imikani sefa kumunsi kwa mapazi anu, n'kuvundula miyala ndi mchenga kwa mphindi zisanu. Pititsaninso sefa mu udzu wa m'mbali.
3. Khuthulirani m'beseni mmene muli madzi pang'ono, dikirani matope akhazikike.
4. Werengani mitundu imene mwapeza, osati kuchuluka kwa mtundu umodzi.
5. Lembani, kenako bwezerani zonse m'madzi ndipo musambe m'manja ndi sopo.

Mukapeza mitundu yambiri, kuphatikizapo ta michira iwiri, ta michira itatu ndi tomanga tinyumba, madziwo ali ndi mpweya wokwanira. Mukapeza nkhanu, ana a tombolombo ndi nkhono koma enawo kulibe, madzi ayamba kuwonongeka. Mukapeza timphutsi tofiira, nyongolotsi ndi misundu yokhayokha, madzi ali ndi zowola zambiri ndipo mpweya ndi wochepa. Timphutsi tofiirato timapirira chifukwa magazi ake amasunga mpweya. Mukapeza madzi oyera koma mulibe chamoyo chilichonse, ganizirani za mankhwala kapena madzi osefukira aposachedwa.

Yezani kawiri pa chaka, mvula itangotha ndi kumapeto kwa chilimwe, pa malo omwewo. Kumbukirani kuti kuyezaku sikukuuzani ngati madzi ndi abwino kumwa. Madzi a mumtsinje muziwawiritsa kapena kuthiramo klorini nthawi zonse.

Zimene zimapha zamoyo zothandiza

Mankhwala opopera mbewu ndiwo amawononga msanga. Cypermethrin amene alimi ambiri amapopera tomato ndi chimanga amapha nkhanu, ana a tizilombo touluka ndi nsomba ngakhale atalowa m'madzi pang'ono kwambiri. Nkhono zimapirira mankhwala oterewa kuposa adani ake, ndipo udzudzu umabwerera msanga kuposa tombolombo amene amakula pang'onopang'ono. Zotsatira zake, mankhwala akalowa m'khwawa zothandiza zimatha, zoopsa n'kutsala.

- Musatsukire sipuleya, mabotolo a mankhwala kapena zovala zopoperera mumtsinje, pachitsime kapena padziwe. Tungani madzi mukatsukire kumtunda, n'kuthira otsukirawo m'munda momwe mwapopera.
- Musapopere kukuwomba mphepo kapena mvula ili pafupi, ndipo mizere ya m'mphepete mwa madzi muziisiya.
- Madzi otsala posambitsa ziweto mankhwala a nkhupakupa asayenderere kukhwawa.
- Neti ya udzudzu muzichapira m'beseni kunyumba. Musaphere nsomba chifukwa ili ndi mankhwala ndiponso imakokolola ana a nsomba ndi chakudya chawo.
- Musaphe nsomba ndi katupe kapena mankhwala ena alionse. Lamulo la za usodzi limaletsa.
- Siyani mpata wosalima m'mbali mwa mtsinje ndipo bzalanimo vetiva, nsungwi, bango ndi mitengo monga mkuyu ndi mbawa. Mizu imagwira dothi, mthunzi umaziziritsa madzi, ndipo masamba amadyetsa zamoyo za m'madzi.
- Manyowa ndi feteleza muziunjika kutali ndi madzi.

Komwe mungafunse

Pa nkhani ya madimba ndi mankhwala a mbewu, onanani ndi mlangizi wa m'dera lanu kapena ofesi za zaulimi za Mombezi, Thumbwe ndi Mbulumbuzi. Za maiwe funsani ku ofesi ya za nsomba ya boma. Malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba ali ku Domasi m'boma la Zomba. Za likodzo, malungo ndi Mectizan funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Mukapeza nkhono zochuluka pamalo pomwe ana amasambira, kapena nsomba ndi nkhanu zitafa nthawi imodzi, dziwitsani a mfumu ndi alangizi tsiku lomwelo kuti anthu a kumunsi achenjezedwe.